Chithunzi cha a Overstone

Anti Tusekile Msaiwale amakhala khomo loyang'anana ndi lathu ku Mirrabooka, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndi mayi wamfupi, woyenda mwachangu, ndipo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Pobwera kuno anasiya mbale ndi mabulangete, koma ananyamula magazini akale a kusekondale kwawo ku Karonga, aja ankatuluka pakutha pa chaka, okhala ndi zithunzi za kalasi iliyonse. Mapepala ake anali atafiira, ena atadyedwa ndi njenjete.

Malire atatsekedwa chifukwa cha Kolona, Anti anayamba kujambula masambawo pafoni n'kumaponya pagulu la WhatsApp la omwe anaphunzira pasukulupo. Lamlungu masana ndinkawagwirira tsamba kuti lisapindike, mwana ali kumsana. "Chotsani chala, mayi a Emmie, mwaphimba mutu wa ahedi!" ankatero. Pagulupo azibambo a imvi ankasekana makutu ndi makabudula othina.

Kenako unafika Januwale wa 2021. Kuno matendawo sankamveka kwenikweni, koma kwathu anthu ankangogwa. Ukaona chithunzi cha munthu ali yekha, chopanda mawu pansi, sunkafunsanso. Unkadziwa kuti watisiya.

M'mawa wina, akuthamangira basi, Anti anaponya chithunzi cha achimwene awo, a Overstone, ali hediboyi, atavala tayi yofika pamchombo. Mawu owaseka ankati alemba akakhala pansi, koma anaiwala. Kuntchito kwawo foni amaitsekera mukabati mpaka poweruka.

Masana ndinaona chithunzi chomwecho pagulu la amayi a kutchalitchi, wina atachiikira kandulo. Pansi pake panali mzere wautali wa "Ause mumtendere." Ndinakhulupirira pomwepo, chifukwa sabata yonseyo a Overstone ankatsokomola ku Lilongwe. Posakhalitsa Mayi Olipa, mtsogoleri wa amayi a mvano, anafika ndi anzawo atamanga zitenje, napempha kiyi wa nyumba ya Anti amene amandisungitsa. Anakankhira mipando kukhoma, tonse n'kukhala pansi.

Anti atatsika basi anapeza nsapato zili mbwee pakhomo, nyimbo ikumveka chapansipansi. Anaima, chikwama chili m'manja.

"Mpaka kupita kuntchito, achemwali, muli ndi maliro?" anatero Mayi Olipa.

"Maliro a ndani?"

"A achimwene anu. Si mwalengeza nokha m'mawa?"

Mayi Olipa anawaonetsa foni. Anti anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Ichi n'cha m'magazini! Onani, chala ichi n'cha mayi a Emmie."

Amayi anayang'anana. Koma Anti atatsegula foni yawo, mauthenga anayamba kulowa ngati matalala. Wina wa pasukulupo analemba kuti wamva kuti a Overstone anawatengera kuchipatala dzulo. Msuweni wawo analemba kuti akufunafuna galimoto yonyamula thupi kupita ku Karonga.

Nkhope ya Anti inasintha. Anaimba foni ya achimwene awo: yothima. Anaimba ya alamu awo: yothimanso.

"Nanga ngati zachitikadi?" anatero Anti. "Nanga ngati ine ndimasambitsa agogo a eni, mbale wanga akutsirizika? Ndege kulibe. Ndikamuika bwanji?"

Mayi wina anayambitsanso nyimbo, mnzake n'kumutsina. Kutuluka kunali kosatheka, kulira kunali kosathekanso. Kunja kunkatentha, fani ikungozungulira. Anti anaimba foni, anaimbanso, chala chikuterereka ndi thukuta. Ndinawapatsa madzi, sanawaone n'komwe.

Kenako foni inalira. Nambala yachilendo ya ku Malawi. Anti anaiyang'ana ngati njoka.

"Yankhani, achemwali."

"Sindingathe."

Mayi Olipa anadina okha, n'kukweza mawu kuti tonse timve.

"Tuse!" Anali mawu aamuna, osasa. "Wandipha ndiwe? Pano anthu adzaza pakhonde, ena atulutsa kale mipando yanga. Magetsi kulibe chiyambire dzulo, foni iyi ndabwereka kwa munthu amene wabwera kudzandilira. Ndipo pa zithunzi zonse, iwe wasankha cha tayi ija?"

Amayi anaphulika kuseka, wina mpaka kugona chagada. Anti sanaseke.

"Achimwene, khalani chete. Pumani ndimve."

"Iwe, ndati ndili moyo."

"Pumani!"

Tonse tinatchera khutu. Mpweya unamveka ukukoka, ndi kaphokoso kolira pansi pake. Anti anatsinzina n'kumvetsera, monga amachitira kwa okalamba a kuntchito kwawo.

"Mupite kuchipatala lero lomwe. Amene abwera kudzakulirani akunyamuleni."

A Overstone anapitadi, anagonekedwa, ndipo patapita masabata anatuluka atawonda.

Anti anapitiriza ntchito ya magazini ija, koma tsopano asanaponye nkhope ya munthu amayamba amuimbira. Pansi pake amalemba kuti, "Ali moyo, ndalankhula nawo lero." Tsamba la aphunzitsi tinalijambula kalekale. Mpaka pano lidakali mufoni, chifukwa manambala ena akungoitana.