Tsiku limene ndinalanda mwana thobwa

Ntchito yolipidwa ndinaipeza imvi zitamera kale, ine mayo! Ndinaipezera kutchalitchi. Aphunzitsi ena, amake Tadala, ankafuna munthu wowalerera mwana wodwala khunyu. Mapiritsi ankamwa, koma kugwa osaleka, ndiye adokotala a ku Blantyre anaonjezapo chakudya chapadera.

Ananditengera komweko kuti ndikamve ndekha. Adokotala anati: "Agogo, ubongo uli ndi tizipinda ting'onoting'ono, makoma ake ndi a mafuta. M'makomamo muli timakomo todutsa mchere, ndipo mafutawo ndiwo felemu yake. Timakomo ta Tadala timatseguka nthawi isanakwane, ndiye amagwa. Chakudya cha mafuta chingamuthandize, koma shuga ndi ufa zigumula ntchito yonse."

Cholembera chimandithawa, koma chitseko ndimachidziwa ine! Ndiye m'mawa uliwonse kasikelo patebulo: dzira ndiyeze, peyala ndiyeze, masamba, mafuta ophikira a pasupuni. Mbatata ayi, phala ayi, nzimbe ayi. Mapiritsi pa nthawi yake. Kugwa kuja kunayamba kutalikirana.

Tsono kunagwa maliro ku Mauwa, kwao kwa abambo ake a Tadala. Amake ali m'nyumba ya siwa, ine ndikutsuka mbale kuseri. Pocheuka, ndikuona agogo ake enieni, apongozi a aphunzitsi, amugwiritsa kapu ya thobwa, ili pakamwa! Ndinathamanga chitenje chikumasuka, kapu tsomphu, thobwa lonse pansi.

"Iwe wantchito iwe! Kummana mdzukulu wanga pakhomo pake? Ufiti umenewu!"

Azimayi onse maso pa ine. Ndinagwada. "Pepani amayi, nditukwaneni ine, koma asamwe."

Ndinamunong'oneza mwana: "Wameza?"

"Pang'ono, agogo."

Ndinamukhazika pamiyendo pomwepo pansi pa mtengo wa mango, maso anga m'maso mwake, kudikira kuti atembenuzika. Anthu anapita kumanda, anabwerako, anasamba m'manja. Tadala akungosewera ndi mikanda yanga. Sanagwe. Sanagwe, anthuni, Ambuye alemekezeke!

Amake atamva anangondigwira dzanja, nati, "Apongoziwo ndisiyireni ine."

Agogo aja mpaka lero moni wanga amayankha ndi mphuno. Ayankhe! Ndinaphunzira kuti wolera mwana wodwala asaope dzina loipa. Mfiti ine, eya, koma Tadala pano akupita yekha kumjigo, ndowa pamutu, ine ndili pakhonde kuimba.