Chitini cha a Stroup

Ku Bradford kuno, masiku amene phiri lililonse linali ndi nsanja za zitsime za mafuta, panalibe munthu wopatsidwa njira msanga ngati a Orrin Stroup. Ngolo yawo ikatulukira pakona, amayi ankakoka ana, amuna n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kuseri kwa nyumba. Ankanyamula nayitulo, madzi ophulika aja, m'zitini. Chitsime chikayamba kuuma, mwini wake ankawaitana. Iwo ankathira nayituloyo m'mapaipi a malata, kutsitsira pansi ndi chingwe, kenako n'kuponyamo chitsulo. Pansi pankagunda, mwala n'kusweka, mafuta n'kuyambanso kukwera. Mwini chitsime ankawagwira chanza ndithu, koma kukadya kunyumba kwake sankawaitana.

Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Titusville, atatopa ndi kukhoma migolo. Sanakwatire. Ankati, "Mkazi ndimamufuna, koma kusiya wamasiye ndiye ayi." Kutchalitchi ankakhala okha benchi lakumbuyo, chifukwa fungo la zovala zawo linkapweteketsa anthu mutu. Anagwira ntchitoyo mpaka imvi n'kufera pabedi, mwayi umene anzawo ambiri sanauone.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha mwamuna wanga Elam, munthu wabwino koma wotolatola. Msomali wopindika, chingwe chothetheka, nsapato imodzi, zonse zinkathera kwathu. Tinali achilendo nthawi imeneyo, titangochoka kumunda kwa makolo, ndipo za mafuta sitinkazidziwa. Tsiku lina m'nyengo ya chisanu Elam anabwera ndi chitini chonyezimira, chopanda dzimbiri n'pang'ono pomwe.

"Huldah, taona zomwe anthu akutaya masiku ano. Uzisungiramo palafini."

"Mwachitenga kuti?"

"Kuseri kwa chitsime cha a Brubaker. Chinangokhala pansi pa mtengo, chopanda mwini."

M'makona mwake munali tinthu toyera touma, ine n'kumati ndi mafuta a nkhumba oundana. Ndinachiika pambali pa mbaula kuti tisungunuke, ndipale ndi mpeni, nditsuke bwino. Kabedi ka Lovina, khanda lathu, kanali pomwepo, poti m'nyumba monse malo ofunda anali amenewo.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti chitini cha nayitulo chikatha sachitsuka, sachibwezanso pangolo. Timadontho totsalira timakwana kugwetsa nyumba, ndipo tikayamba kusungunuka m'pamene timapsa mtima. Ophulitsa zitsime ankasiya zitini zotha patali, ntchito ikatha n'kukaziphulitsa. A Stroup atabwerera pamtengo paja anapeza chimodzi palibe. Akanatha kukwera ngolo n'kumapita, palibe akanawaloza chala. Iwo anamanga akavalo n'kutsata mapazi m'chipale chofewa, ndipo mapazi atasokonekera mumsewu anayamba kugogoda khomo ndi khomo. Ena atawaona pawindo sanatsegule n'komwe.

Kwathu anafika masana, ine mpeni uli kale m'manja. Anavula chipewa, koma maso awo anadutsa paphewa langa n'kukaima pambaula.

"Pepani mayi. Mpeniwo ikani patebulo. Osaponya, kungoika."

Elam anadzuka pampando. "Bambo, chitinicho ndatola ndine. Ngati mukuchifuna tikambirane."

"Tikambirana, achimwene. Yambani mwanyamula mwanayo. Muyende ngati apongozi anu ali mtulo, ndipo chitseko musamenyetse."

Mawu awo anali ofatsa kwambiri moti ndinachita nawo mantha. Tinatuluka n'kukaima pamsewu, Lovina ali m'shawelo. Kudzera pawindo ndinkawaona a Stroup atagwada pambaula. Anavula chikhothi, kukutira chitini chija, n'kuchinyamulira pachifuwa. Masitepe athu anali oterera ndi madzi oundana, amene ndinali nditamuuza Elam kambirimbiri kuti apale. A Stroup anatsika phazi limodzi, kuima, linanso, kuima. Anatidutsa osatiyang'ana mpaka analowa m'chigwa kuseri kwa khola.

Patapita nthawi kunagunda. Mawindo akukhitchini anasweka, nkhuku zinabalalika, ndipo mtengo wa maapozi umene unali m'mphepete mwa chigwacho unagona pansi. Elam anangokhala pansi m'chipale momwemo. Lovina uja lero ali ndi banja lake, ndipo ndikamuona akukalipira ana ake ndimathokoza a Stroup mumtima. Sindinasiyepo.

Tsikulo iwo anabwerera ali m'malaya okhaokha, chikhothi chitapita ndi chitini. Anaima pachipata n'kumapepesa za mawindo, ati anayenera kupita nacho patsogolo pang'ono. Ndinawagwira mkono, kuwakokera m'nyumba, n'kuwakhazika pampando wa Elam. Ndinawathirira khofi wotentha. Atanyamula kapu, dzanja linanjenjemera moti khofi anatayikira patebulo. Anayesa ndi manja awiri, zinakanikabe. Anaseka mwamanyazi.

"Zimabwera pambuyo, mayi. Pantchito sizibwera."

Ndinawalanda kapuyo n'kuwamwetsa ndekha, misozi ikutsika, ndipo iwo anamwa mpaka kumaliza.