Achimwene Anasankha Galimoto

Achimwene anga, a Fanuel Namakhwa, anagwira ntchito ya sikelo pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje zaka 26. Ankayeza madengu a masamba, anthu othyola ataima pamzere, ndipo sindinawamvepo akukalipira munthu. Mkangano ankauopa kwambiri. Anthu awiri akayambana pachibale, iwo ankapita kwa wina n'kumuuza kuti mnzake wapepesa, kenako n'kupita kwa mnzakeyo ndi mawu omwewo. Ine ndinakhala chaka chathunthu ndikuyenda monyada kuti msuweni wathu anandipepesa, chonsecho mayiyo naye akuyenda monyada kuti ndinapepesa ndine. Ndinkawakonda achimwene, koma khalidwe limeneli linkandikwiyitsa.

Akazi awo, alamu anga a Agatha, anali a Mboni za Yehova. Anthu a mpingo umenewo sankagula khadi ya chipani, ndipo masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Zinthu zitavuta mu 1972, anzawo ambiri anathawira ku Mozambiki. Alamu anatsala chifukwa cha ana. Kuchokera pamenepo dziko lawo linali nyumba yawo ya kampani, mpopi ndi kadimba kakuseri. Kumsika wa Chonde ankapita ndi achimwene, kuchigayo ndi achimwene, ufa panjinga, amuna anzawo akuwaseka kuti anadya khuzumule. Iwo ankangoseka nawo. Aneba ankadziwa zonse koma anatseka pakamwa, chifukwa panalibe mwana pamalayini amenewo yemwe alamu sanamusokerepo yunifolomu.

Mu 1975 achimwene anapatsidwa tchuthi cha milungu itatu. Mwana wawo woyamba, Esteri, anali atangochira ku Limbe, ndipo alamu anali asanaone mdzukulu. Ku Zomba kunali amalume athu, okalamba zedi. Ku Balaka kunali akulu awo a alamu. Achimwene anati banja lonse liyende malo atatuwo, ine ndiperekeze.

Nkhani inavuta ndi ya chokwera. Sitima inali yotchipa, ndipo ana awiri omwe anali pakhomo, Robson ndi Anesi, anali asanaikwerepo. Ankangoimba za sitima tsiku lonse. Tikanakwerera pa Luchenza mpaka Limbe, kenako Balaka, Zomba n'kuisiya. Koma pasiteshoni pankaima anyamata a chipani a malaya ofiira, akufunsa khadi munthu aliyense payekha. Alamu sanazungulire. Anati tipite pasitima ndi ana, iwo atsala, tidzangowauza kuti mwanayo wafanana ndi ndani.

Njira ina inali kuchita hayala galimoto ya Pijoti ya a Bizwick, mwini sitolo wa pa Chonde. Mtengo wake unali woti njinga yatsopano yomwe achimwene ankaifuna aiwale. A Bizwick anali munthu wa matama. Ankati galimoto yawo imadziwika msewu wonse, palibe amaiimitsa, iwo amangoimika dzanja, anyamata aja n'kunyamula mtengo wotchinga msewu.

Sabata yonse achimwene anali uku ndi uku. Lero sitima, mawa galimoto. Lachisanu anandiitanira kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti asankha galimoto, koma sakukhulupirira pakamwa pa a Bizwick. Anandipempha ndipite pa Chonde, kumene ogulitsa makadi sankatidziwa nkhope, ndikagule khadi m'dzina la Agatha Namakhwa. Anati idzangokhala m'thumba mwawo. Akatiimitsa, adzapereka makadi onse pamodzi pazenera, alamu sadzadziwa n'komwe.

Ndikanakana. Pakamwa ndili napo, aliyense kuno amadziwa. Koma ndinaganiza za mayi yemwe mwana wake wachira osakamuona, ndipo ndinapita. Wolemba makadi atandifunsa dzina, ndinatchula la alamu osaphethira.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa. Achimwene anakhala kutsogolo ndi a Bizwick, ife kumbuyo pa mphasa, pakati pa nanazi, thumba la mpunga ndi nkhuku ziwiri za kwa Esteri. Alamu ndinali ndisanawaone chonchi. Ankaseka, mphepo ikuwalanda mpango, akulozera ana phiri momwe limaonekera munthu ukalitalikira. Ankafunsa nyumba iliyonse yatsopano kuti ndi ya yani, ngati kuti ine ndimadziwa Mulanje yense.

Titangowoloka mtsinje wa Thuchila tinapeza migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. A Bizwick anaimika dzanja monga ananenera. Mtengo sunanyamuke. Achimwene anatulutsa makadi onse pamodzi, koma mnyamata amene anawalandira sanangowerenga n'kubweza. Anazungulira kumbuyo kwathu n'kuyamba kuitana mayina.

Anaitana Robson, Robson anavomera. Anaitana Millie Namakhwa, ndinati ndine. Kenako anati, "Agatha Namakhwa."

Alamu anayang'ana kapepala kali m'manja mwa mnyamatayo, kenako anayang'ana achimwene, omwe anali atatsika n'kuima pambali pa tayala. Achimwene anazyolika. Anzake a mnyamata uja, omwe anakhala pamthunzi ndi zibonga, anayamba kudzuka mmodzimmodzi.

"Ndati Agatha Namakhwa ndi uti?"

Anesi anali atagwira chitenje cha mayi ake ndi manja onse awiri. Alamu anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali.

"Ndine," anatero.

Mnyamatayo anawapatsira khadiyo m'manja, iwo analandira. Mtengo unanyamuka. A Bizwick anayamba kudzitama kuti mwaona, sanachedwe nafe. Kumbuyo kuja ine ndinkangoyang'ana nkhuku mpaka Limbe.

Kwa Esteri alamu anachita zonse zoyenera. Ananyamula mdzukulu, anamusambitsa, analangiza mayi wake za kayamwitsidwe. Masana a tsiku lachiwiri ndinali kuchapa matewera kuseri pamene ndinawamva pakhonde ndi achimwene. Sanakweze mawu.

"Bambo a Esteri, zaka zitatu ndakhala m'nyumba chifukwa cha kapepala kameneka. Anzanga anatenthedwa nyumba. Inu mwandilembetsa ngati mukulembetsa njinga."

"Ndimafuna muone mwana, mayi."

"Ndamuona. Koma mukanandiuza, ndikanatsala, ndikanakhala ndili bwinobwino. Pajapo munandiika poti ndisankhe pakati pa Mulungu wanga ndi Anesi, ndipo mwaona chimene ndinasankha. Ndizipemphera bwanji tsopano?"

Ndikudziwa kuti achimwene akanatha kunena kuti wogula khadiyo ndine, koma sananene, ndipo ine ndinapitiriza kuchapa thewera loyera kale.

Ulendo tinaumaliza, chifukwa galimoto inali italipiridwa. Ku Zomba amalume anasangalala, anati sanaonepo banja logwirizana chonchi. Ku Balaka, tsiku lobwerera, alamu anati atsala pang'ono ndi Anesi kwa akulu awo, abwera pambuyo. Achimwene anatsitsa okha chikwama cha alamu m'galimoto, osafunsa kuti pambuyo pake ndi liti. Pobwerera anatiimitsa kawiri, ndipo konseko anangowerenga makadi pazenera n'kutiuza kuti tizipita.

Alamu sanabwere. Patapita miyezi inayi tinamva kuti anawoloka malire, ali kumisasa ya anzawo a mpingo kupitirira Milanje, ku Mozambiki. Si kutali ndi kuno, koma masiku amenewo kunali ngati kutsidya kwa nyanja. Achimwene anapitiriza ntchito yawo ya sikelo. Sanakwatirenso, ndipo anthu akafunsa ankati mayi ali kwa abale. Anaonda, tsitsi linachita imvi chaka chimodzi, koma sindinawamvepo akunena alamu choipa chilichonse. Nthawi zina ankangoti sitima ija ikanakhala bwino.

Kalata inabwera imodzi yokha, kudzera mwa mayi wina wogulitsa nyemba, ndipo inali yanga. Chifukwa maso anga ndi zilembo sizigwirizana kwenikweni, ndinapita nayo kwa achimwene kuti andiwerengere. Alamu analemba kuti Anesi ali bwino, ndipo iwo sanasunge mkwiyo ndi munthu, kungoti sangathe kukhala m'nyumba momwe sakudziwa chimene chili m'thumba la mwamuna wawo. Anandipempha ndiyang'anire Robson mpaka amalize sukulu. Mzere womaliza achimwene anauwerenga pang'onopang'ono: "Ndikupempha iwe, Millie, chifukwa pabanja ponsepo ndiwe wekha sunandinamizepo."

Ndinalira, ndinati ndiyankha kalatayo ndiwauze zoona. Achimwene anaipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Usatero, mlongo wanga. Asiye akhale ndi munthu mmodzi kuno womukhulupirira."

Ndinawamvera. Alamu anamwalira komweko mu 1983 akundiyesabe munthu wachilungamo.