Moni Wopanda Nkhani

Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala ku Kabudula, kunali kutatsala masiku atatu kuti tilembe mayeso ku yunivesite. Ndinkafuna kupempha aphunzitsi kuti ndidzalembe tsiku lina. Ndinawalembera pa foni kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" kenaka ndinadikira, poti kwathu suyamba kufotokoza nkhani munthu wamkulu asanakuyankhe moni.

Sanayankhe. M'mawa mwake ndinaperekanso moni, mwana akutentha thupi pamiyendo panga. Kunali zii.

Mayeso atadutsa ndinapita ku ofesi kwawo. Anayang'ana foni nati, "Mayi, ophunzira ndili nawo ambirimbiri. Moni wopanda nkhani sindiyankha. Bwanji simunangonena?"

Mwana anachira, koma phunzirolo ndinabwereza chaka chotsatira. Amuna anga amati chinandilepheretsa ndi matenda a mwana. Za moni uja sindinawauzebe.