Voti ya amayi m'dzanja la amalume

Khadi ya voti ya amayi ndikali nayo. Pulasitiki yake inasweka pakona, koma chithunzi chikuonekabe: amayi avala duku lawo la kutchalitchi, nkhope yaloza kumbali ngati wina wawaitana pakhomo. Wojambula uja anawauza kangapo kuti ayang'ane kamera. Akanadziwa bwanji pamene inali? Ng'ala inali itatseka kale maso onse awiri.

Ndine ndinawatsogolera tsiku lolembetsalo, monga ndinkachitira kulikonse. Ndinali mu giredi sikisi, kamtsikana koonda, ndipo phewa langa lamanja linazolowera dzanja la amayi mpaka ndinkayenda chopendekeka ngakhale ndili ndekha. Olembetsa anabwera pasukulu pathu ndi makina awo. Anatenga reji ya amayi, chitupa chija cha unzika, nawafunsa mudzi, nawadinditsa chala, khadi n'kutuluka ikali yofunda. Amayi anaisisita njira yonse yobwerera kunyumba. Anandifunsa ngati aoneka bwino, ine ndinati inde.

Tinkakhala kuseri kwa Chalimbana. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma atate atamwalira, amalume, mlongo wawo wa amayi, anatiitana. Munda umene tinkalima anatipemphera ndi iwo. Ng'ombe ndi pulawo zinali zawo. Dzina la amayi kukopaletivu ya feteleza analowetsa ndi iwonso. Ndinene poyera, amalume sanali munthu woipa. Anali chabe munthu amene akakupatsa chinthu amayamba kukuyankhira mafunso. Kuchipatala namwino akafunsa amayi pamene pakuwawa, amalume ankayankha amayi asanatsegule pakamwa.

Chaka chimenecho amalume anali tcheyamani wa nthambi ya chipani chawo. Njinga yawo inkadutsa m'midzi italemedwa ndi zitenje ndi masikipa, fumbi lili koboo kumbuyo. Inali nyengo ya mphepo ija yong'amba milomo, udzu utapsa, anthu akutonola chimanga pakhonde. Amayi anapatsidwa chitenje chokhala ndi nkhope ya munthu wa amalume, ndipo anachivala osadandaula. Ankati nsalu yake ndi yolimba.

Koma mtima wawo unali kwina. Masana tikamatonola chimanga, kawailesi kathu kankakhala pampando, ndipo amayi ankamvetsera onse ofuna upulezidenti mmodzimmodzi. Nkhope sankaziona, ndiye ankasankha ndi khutu. Wina akamalankhula ankangoti, "Uyu akuwa chabe." Panali mmodzi amene akayamba, manja a amayi ankaima pachitsononkho. Tsiku lina anandikokera pafupi nandinong'oneza: "Nifuna uyu. Usauze munthu." Analankhulapo za madokotala a maso ofika kumidzi, zimenezo ndikukumbuka. Lero ndikudziwa kuti onse amalonjeza, ndipo sindikhulupirira kuti amayi sankadziwa. Sanali opusa. Madzi ankatungiridwa, nkhuni ankatoleredwa, mayankho ankayankhiridwa. Chinthu chimodzi ichi ankafuna achite okha.

Aphunzitsi athu anamata pakhoma la sukulu pepala lachitsanzo, losonyeza mayina, nkhope ndi zizindikiro za zipani. Ndinaliloweza kuposa masamu. Kunyumba ndinang'amba katoni ya sopo, ndinajambula timabokosi totsikira pansi, ndipo tinayamba kuyeserera kuseri kwa nkhokwe, kumene amalume sakanatipeza. Ine ndinkagwira mkono wawo n'kuika nsonga ya pensulo m'kabokosi koyenera, kenako n'kusiya.

"Iwe ungoniika dzanja," ankatero. "Mtanda nilemba nekha."

Poyamba mtandawo unkatuluka m'kabokosi, ine n'kumaseka, iwo n'kunditsina. Pofika sabata ya chisankho unkakhala pakatikati, waudongo kuposa wanga. Katoniyo tinkaibisa pansi pa mphasa.

Tsiku lovota kunali kamphepo kozizira. Mzere unayambira pakhomo la kalasi mpaka kumitengo ya mango, amayi ena atakhala pansi ndi ana kumsana. Wapolisi ataona amayi anatipititsa kutsogolo. Munali m'kalasi mwanga mwenimweni, madesiki atakankhidwira kukhoma, fungo la choko lidakalimo. Woyang'anira anali aphunzitsi athu omwe aja, atavala chovala cha ntchitoyo pamwamba pa malaya. Mtima wanga unakhala pansi nditawaona. Dzina la amayi linapezeka, linawerengedwa mokweza, chala chachikulu chinapakidwa inki pachikhadabo, mapepala anadindidwa. Tinayamba kulowera kukachipinda kobisika kovoteramo.

Aphunzitsi anaimirira natiimitsa. Analankhula motsitsa mawu. Anati wothandiza munthu wosaona ayenera kukhala wamkulu, wazaka khumi zisanu ndi zitatu, ndipo ine ndinali mwana. Anati iwo angathe kuwathandiza amayi, koma lamulo likufuna kuti oimira zipani aone. Oimira zipaniwo anali pabenchi chapafupi pomwepo, ndipo mmodzi anali mnyamata amene ankakwezedwa panjinga ya amalume tsiku lililonse. Amayi sanamuone, koma anali atamva kale mawu ake.

Ndinawakwiyira aphunzitsi aja zaka zambiri, pachabe. Lamulo limenelo analiika kuti liteteze anthu ngati amayi. Kungoti amene analilemba sankadziwa kuti munthu yekhayo amene amayi akanamukhulupirira anali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Tili chiimire choncho, mayi wina pakhomo anafuna kuthandiza. "Alongo awo si awa ali pamzere?" anatero. Uthenga unayenda, ndipo amalume analowa chipewa chili m'manja, akumwetulira aliyense. Aphunzitsi anafunsa amayi ngati avomera kuti awathandize munthu ameneyu. Zala za amayi zinafinya phewa langa mpaka ndinamva kuwawa, kenako zinamasuka.

"Ni alongo anga," anatero amayi.

Ananditulutsa panja. Ndinazungulira kuseri n'kukwera panjerwa pansi pa zenera losweka. Ndinawaona awiriwo chammbali pakachipindako. Amalume anatenga mapepala, anatenga cholembera, nawerama. Manja a amayi anali lende m'mbali mwa chitenje. Ndinayang'anitsitsa pakamwa pawo kuti ndione ngati anong'ona kanthu. Abale inu, sizinatenge nthawi. Amalume anapinda mapepala, nagwira dzanja la amayi mwaulemu ndithu, naliika pakamwa pa bokosi lililonse kuti aponye okha. Anthu pamzere anayamikira kuti munthu uyu amasamala mlongo wake.

Pobwerera, titadutsa chigayo, ndinawafunsa amayi ngati anawauza amalume munthu wathu uja.

"Sananifunse," anatero.

Ndinalira pamsewu pomwepo. Ndinati tibwerere, tikauze aphunzitsi, awapatse pepala lina. Amayi anati pepala likalowa m'bokosi silituluka, ndipo ndipukute mamina anthu angaone. Dzuwa litapendeka amalume anafika kunyumba ndi kapaketi ka shuga, osangalala kwambiri. Amayi anawomba m'manja monga mwa ulemu wa kwathu nati, "Zikomo alongo, mwanithandiza." Ine ndinathawira kunkhokwe. Ndinatulutsa katoni ija n'kuing'amba tizidutswa.

Amene anapambana sindimutchula, chifukwa kwa ife sizinasinthe kanthu. Madokotala a maso sanafike kwathu. Mvula yoyamba itagwa, ng'ombe za amalume zinayambira m'munda mwathu zisanapite mwawo, ndipo chaka chimenecho tinakolola bwino. Chisankho chotsatira chisanafike amayi anali atatisiya. Ine ndinalembetsa nditangokwanitsa zaka, ndipo ndimavota nthawi zonse, koma ndikalowa m'kachipinda kaja phewa langa lamanja limalemera.

Za zikomo uja ndinazimvetsa mochedwa, nditakhala ndi ana anga ofuna kudya. Koma pali china chimene chimandiwawa kuposa. Inki ija inakhala pachikhadabo cha amayi masabata ambiri, ikukwera pang'onopang'ono pamene chikhadabo chinkakula. M'mawa uliwonse, akatha kusamba m'manja, ankanditambasulira chala chija n'kufunsa, "Ikalipo?" Ine mkwiyo wanga utatha ndinkaganiza kuti akunyadira, monga ankanyadira khadi ija. Ndinkafuna kuwasangalatsa. Ngakhale itatsala kamzere kakang'ono kunsonga, ngakhale tsiku limene inatheratu, ndinkawayankha kuti ikalipo, ikuoneka bwino.

Iwo ankangoti chabwino, n'kutenganso kamwala kotsukira mapazi. Sindinkadziwa chifukwa chake munthu angakhule chala chimodzi chokha nthawi yaitali chotero.