Mthuthuthu wa Ababa

Ababa anga anali ndi njinga yakuda, ija yolemera ya mabuleki a ndodo. Ankagula nsomba kumene Bua amathira m'nyanja n'kukagulitsa kumidzi ya kumtunda, ndipo Lachisanu lililonse ankaitsuka ndi sopo kuti fungo lichoke asanapite nayo ku mzikiti. Ine ndinaphunzirira pa njinga yomweyo, mwendo nditaupisa pansi pa mtanda, iwo atagwira kaliyala kumbuyo. Mwina n'chifukwa chake ndinakula n'kukhala wokonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Liwaladzi.

Kenako mawondo awo anakana. Anayamba kutsika pa zitunda zimene kale sankaziwerengera n'komwe, kenako n'kumakankha njinga njira yonse, mapeto ake anangokhala. Mzikiti umene timaswalira Juma, pemphero lalikulu la Lachisanu, uli kuseri kwa dambo la mpunga, kutali ndithu kwa munthu woyenda ndi ndodo. Lachisanu linayamba kuwapeza pakhonde atavala mkanjo woyera ndi kofiya, akumvetsera azana, kuitana kwa mapemphero, ikubwera ndi mphepo. Zinkandiwawa kwambiri kuwaona atatchena chonchi koma opanda kopita.

Ndinawaitanira wakabaza. Ababa anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kutembenukira kwa ine.

"Ine ndikhale pa kaliyala? Ndine thumba la mpunga ine? Tamvera iwe, ine adzandinyamula kamodzi kokha, pa jeneza, popita kumanda. Ndisanafe sindinyamulidwa."

Makani a Ababa ndimawadziwa bwino chifukwa ndinatengera konko. Ndinatuma msuweni wanga amene amakapikula katundu ku Tanzania, ndipo anandibweretsera kainjini kosaposa papaya wamkulu, koti ndikamangirire pa felemu ya njinga yawo yakapalasa ija. Nditakaika pamphasa patsogolo pawo, sanafunse za liwiro kapena za petulo. Anatsinzina, n'kunena chapansipansi kuti, "Upange ngati ya wansembe uja."

Ali mwana, ankaona wansembe wa ku mishoni akudutsa pa mthuthuthu wowonda ngati njinga wamba, wa thanki yaitali yolendewera pansi pa mtanda. Iwo ndi anzawo a ku madrasa ankasiya mabuku n'kuthamangira kumbuyo kwake kuti anunkhize utsi. Ine njingayo sindinaionepo, ngakhale chithunzi chake. Ndinayenera kuimanga kuchokera m'mutu mwa Ababa, ndipo m'mutu mwa Ababa inkasintha tsiku ndi tsiku.

Inali nyengo ya mwera, nyanja ikungolira cha uko, asodzi atakokera mabwato kumtunda. Masana ndinkabweretsa zipangizo pakhonde, iwo atatsamira khoma, maso ali chitsinzinire, akulongosola. Lero thanki inali yobiriwira ngati mpunga wongowokedwa kumene. Mawa inali yofiira. Tsiku lina anati wansembeyo sankaponda pansi n'komwe, matayala ankangodutsa pamwamba pa mchenga osasiya mkukuluzi, ndipo ndinawayang'ana ndikuganiza kuti akuseka, koma ayi, anali kutali. Nanenso ndinayamba kuiona njingayo. Ndikamamanga masipoko a akabaza m'mawa, inkadutsa m'maso mwanga mwakachetechete, ikulowera cha ku Bua.

Thanki tinaidula ku paipi yakale ya mjigo, mnzanga wowotcherera ku boma n'kuitseka mbali zonse. Ndinaipaka penti wobiriwira ndi kamzere kofiira, kuti masiku onse awiri a Ababa akhutire. Chishalo ndinachikuta ndi chikopa cha mbuzi imene tinazinga pa Idi. Nyali ndinaipeza m'mulu wa zitsulo zakutha, yaikulu ngati mbale ya ndiwo. Mahandulo anandiuza kuti ndiwatembenuzire pansi, koma atawagwira msana unawadandaula, ndiye anati mwina wansembeyo anali ndi linunda, ndiwabwezere m'mwamba.

Chimene chinatidyera masiku ndi kulira kwake. Nditailiza koyamba inangoti ng'wiii, nkhuku zonse balala.

"Ameneyo ndi udzudzu," anatero Ababa. "Dzina lake ndi mthuthuthu. Izinena dzina lake: thu, thu, thu. Mosathamanga, ngati munthu wamkulu akuyankhula."

Ndinatalikitsa paipi ya utsi, ndinaiphatika waya wotsukira mapoto, ndinachotsako, ndinaonjezeranso, ndikutukwana chamumtima. Tsiku limene inanena dzina lake, Ababa anavula kofiya n'kuigwira pachifuwa. Kungoti ndi paipi yotsekeka chonchija, ukangoima nayo inkazima. Sindinasamale. Ndinkaiyesa ndekha kumsewu, ndipo iwo anakana kuyeserera. Anati njinga anaidziwa ine ndisanabadwe, adzaikwera Lachisanu basi.

Lachisanu linafika. Anapinda mkanjo mpaka m'mawondo, anati bismillahi, ndinawathandiza kukwera nditagwira mahandulo. Ndinawakumbutsa kuti afinye kilatchi kumanzere, apalase mpaka njinga ithamange, kenako asiye kilatchi injini ilire. Ndili mkati moyankhula ndinadzimva ndekha zimene ndikunena. Apalase. Kainjinika kalibe chingwe chokoka, kalibe kiki, kamadzuka ndi miyendo ya wokwera. Tinatha nyengo yonse tikukangana za penti ndi kulira, ndipo tonse awiri tinaiwala mawondo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Anayesabe. Anaponda pedulo, mwendo unanjenjemera, njinga inasuntha pang'ono n'kuima. Anayesanso. Pomwepo azana inayamba kumveka kuseri kwa dambo. Ndinaona mapewa awo akugwa, akufunafuna pansi ndi phazi kuti atsike, ndipo mtima wanga unasweka.

Ndinazungulira n'kugwira kaliyala ndi manja awiri.

"Ukutani iwe? Ndinati sindinyamulidwa."

"Sindikukunyamulani, Ababa. Woyendetsa ndinu. Ine ndikungogwira."

"Kukankha ndi kunyamula n'chimodzimodzi."

"Nanga muja munkandiphunzitsa njinga yomweyi, munkandinyamula?"

Anaupima mlanduwo ngati shehe. Kenako anakonza kofiya.

"Iyayi. Iwe unkayendetsa wekha. Ine ndinkangogwira."

"Ndiye finyani kilatchi."

Ndinathamanga. Ndine bambo wa ana akuluakulu, mimba inayamba kale kutsogola, koma tsiku limenelo ndinathamanga mumchenga ngati ndikuthawa njuchi. Titafika polimba ndinakuwa kuti, "Siyani kilatchi!" Njinga inagwedezeka, inatsokomola, n'kuyamba: thu, thu, thu. Utsi wonunkha oilo unandimenya kumaso, utsi uja ankauthamangira ali mwana.

"Usasiye!" anakuwa Ababa osacheuka. "Iwe, usasiye!"

Ndi mawu omwewo amene ine ndinkakuwa ndili kamwana, mwendo uli pansi pa mtanda. Ndipo monga ankachitira iwo, ndinali nditasiya kale. Ndinaima ndikupuma wefuwefu, ndikuwaona akuchepa pa kanjira ka pakati pa mpunga, mkanjo ukuuluka mbali zonse, nyali yaikulu ija ikuthwanima dzuwa lili pamutu. Kuchokera pamene ndinaima, matayala sankaoneka kuti akuponda pansi. Ndinalira, sindibisa.

Ine ndinafika ku mzikiti wapansi, mochedwa, n'kupeza njinga itatsamira mtengo, iwo ali mzere woyamba. Pobwerera amuna akuluakulu a ndevu zawo ankalimbirana kaliyala, aliyense akufuna kukankha, Ababa ali pamwamba akuwalangiza kuti agwire bwino, asakande penti. Zinakhala choncho Lachisanu lililonse, mvula ziwiri kapena zitatu. Kunyumba ndinkagwira ine, ku mzikiti ankagwira anzawo, ndipo palibe amene anayerekeza kutchula mawu oti kunyamula.

Njingayo ili pakhonde mpaka lero. Akabaza amabwera kudzaisirira, ena amafuna ndiwapangire yotero, koma ndimawauza kuti mwini mapulani anapita nawo. Tsiku limene tinawaperekeza, jeneza linkadutsa paphewa ndi paphewa monga mwa mwambo wathu, mwachangu, munjira yomwe ija ya pakati pa mpunga. Itafika nthawi yanga ndinalowa kumbuyo, kumene ndinazolowera. Anali opepuka kuposa njinga yawo. Mnzanga wina anandigwira pamkono kuti alandire, ndipo ndinachedwa kusiya.