Nsapato za Rosaria za ku Phiri Lofuka

Rosaria anali mlamu wanga, mkazi wa msuweni wanga Langford. Tonse tinachoka kwathu ku Fort Jameson tili achinyamata, n'kudzapempha malo kuno ku Chongwe, chakufupi ndi Kasisi. Mayiyu anali wamfupi, wamsana wowongoka, wosaseka zilizonse. Ankalima kabichi ndi matimati kudimba, n'kumasenza dengu mpaka kumsewu waukulu wa ku Lusaka. Wogula akayamba kunenerera, iye ankangovundikira dengulo n'kuyang'ana kumbali.

Nkhondo ya azungu itabuka, ine ndi Langford tinalembedwa usilikali tsiku limodzi. Ine ndinabwerako, iye ayi. Boma linangotumiza kalata yoti anafera pachisumbu china cha m'nyanja yamchere. Tsiku limene ndinafika, Rosaria anandiyalira mphasa, n'kundifunsa funso limodzi lokha.

"Alamu, munaona pamene anamuika?"

Ndinati inde. Mpaka lero ndikakumbukira inde ameneyo, nkhope imandiyaka ndi manyazi. Chisumbucho ine sindinachipondeko. Anzanga akukwera sitima yapamadzi, ine n'kuti ndili thapsa m'chipatala cha padoko, m'mimba mutatseguka. Nkhondo yanga yonse ndinamenyana ndi chimbudzi. Koma munthu wabwera utavala jombo, amayi akukululutira, zoterezo ungazinene bwanji?

Tsono zimene ndinamva kwa asilikali ovulala m'chipatalamo ndinazisandutsa zanga. Ndinkasimba za phiri lofuka utsi chaka chonse, za nthaka yakuda yowotcha mapazi, za madzi otentha otumphuka m'miyala. Pakamwa patazolowera, ndinawonjezera mtengo wa maluwa ofiira patsinde pa phirilo, pamene ndinati ndinakumba manda a Langford ndi manja angawa. Pamowa chipanda choyamba chinkabwera kwa ine, ndipo sindinkakana.

Abale a Langford anayesa kangapo kuti amusudzule Rosaria, akwatiwe kwina akadali ndi mphamvu. Iye anakanitsitsa. Ankati mkazi sasudzulidwa asanaponye dothi pamanda a mwamuna wake, ndipo poti mandawo alipo, wowadziwa aliponso, adikira. Anadikira zaka khumi ndi zinayi, ana awiri n'kuwalera yekha.

M'chaka cha 1956, chimanga chitalowa m'nkhokwe, anafika pakhomo panga m'mawa ndikusema mpini.

"Alamu Tenson, ng'ombe zija nagulitsa. Ana akula. Nifuna munipeleke."

"Kuti, alamu?"

"Kwa m'bale wanu."

Mpini unandigwa m'manja. Ndinati n'kutali, iye anati akudziwa. Ndinati nyanja imasanzitsa, iye anati anasanzapo mimba ziwiri.

Sindinaonepo munthu wosadziwa kuwerenga akukonza ulendo ngati mmene anachitira mayi ameneyu. Anayenda wapansi mpaka ku Chalimbana, kumene mphunzitsi wina anamutambasulira mapu n'kumulozera kadontho kakang'ono ngati nthata pakati pa nyanja. Anapempha ansembe kuti alembere anzawo akuchisumbuko kalata yoti akatilandire. Anapita kuboma katatu kukafunsa za chitupa cha ulendo. Njira anailoweza pamtima: sitima yapamtunda mpaka ku Beira, kenako yapamadzi. Anasoka diresi lakuda, anakazinga nsawawa zodzaza chitini, anamanga pakansalu dothi la pakhomo pa Langford loti akathire pamanda. Azimayi akutchalitchi ankatipempherera Lamulungu lililonse, akutchula dzina langa mokweza, ine mutu uli pansi. Anthu ankati ndi kudzichepetsa.

Ine ndinkangozengereza. Lero ndikuti tidikire mphepo ya panyanja ileke, mawa ndikuti ndifolere kaye nyumba. Mumtima ndinkapemphera kuti chitupa chikanike. Taonani pemphero la msilikali.

Chimene chinandithyola ndi nsapato. Rosaria chibadwire anali asanavalepo nsapato, koma poti ine ndinati nthaka yakumeneko imawotcha, anakagula zoyera zansalu kwa mmwenye ku Lusaka. Ankazivala popita kudimba kuti mapazi azolowere. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pamzere wa kabichi, atavula imodzi, akutsuka chithendene chimene chinali chitasupuka mpaka magazi.

"Zizolowera," anatero. "Nanga imwe munayenda bwanji pamoto paja mutanyamula mtembo?"

Ndinakhala pansi, m'matope momwemo. Ndinamuuza zonse: za chipatala, za m'mimba, za nkhani zobwereka. Mawu ankatuluka ngati ndikusanza. Iye sanandidule. Ankangothira madzi pachithendenepo ndi chikho.

"Na mtengo wa maluwa uja?" anafunsa.

"Kulibe, alamu."

"Ndiye anamutseka maso nindani?"

"Siniziba."

Ndinayembekezera kuti anditukwane, kapena andigende ndi chikhocho. Zikanandipepukira. Iye anavula nsapato inayo, anazigundanitsa kuti matope achoke, n'kuziika m'dengu. Kenako anapitiriza kuthirira kabichi wake, ine ndili pomwepo ngati chitsa.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi ndikudziwa kuti ulemu wanga wathera pomwepo. Titatuluka, azimayi anamuzungulira Rosaria kumufunsa tsiku lonyamuka. Ine ndinaima kuseri kwa mtengo wa mango, makutu ali tcheru.

"Ulendo waimika," anatero Rosaria, mawu ali phee. "Mwendo wa ba Tenson wadzuka, uja anavulala kunkhondo. Siningavutitse munthu amene ananiikira mwamuna."

Azimayi aja anatembenuka n'kundiyang'ana ndi chifundo. Mmodzi anathamanga kudzandigwira dzanja. Ine mwendo wanga unalibe ngakhale chipsera cha minga. Koma Rosaria anali akundiyang'ana, ndipo kuti ndisamusandutse wabodza pamaso pa anzake, ndinanyamuka pamenepo motsimphina.

Mwezi womwewo Rosaria analola kuti amusudzule, koma sanakwatiwenso. Nkhani ya chisumbu sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Akandiona panjira amandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za mwendo. Ndimayankha kuti ukuyesako. Chaka chino n'chachitatu ndikutsimphina, ndipo tsopano chiuno chayamba kundipweteka zenizeni.